Galimoto Yonyambitidwa ndi Agalu

Galimoto inaima pansi pa m'bawa, kuseri kwa polisi. Yoyera. Kapena tinene kuti inali yoyera poigula. Tsopano inali mawangamawanga ngati nkhanga, phula litadonthera m'zitseko zonse, kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

Sajeni Beatrice Jonasi anaizungulira pang'onopang'ono. Ndi iyeyo amene anailowetsa pabwalopo m'mawa, kuichotsa pageti pomwe anthu anali atayamba kutola miyala. Ku Phalombe anali mlendo. Anabadwira ku Ndirande. Anagwirapo ku Mwanza, ku Dedza, ku Karonga. Sutikesi yake sinkachita fumbi.

Nkhani yake inali yaifupi. Msewu wopita ku Mkhumba ankauthira phula. Chigawo china anali atangochithira kumene, n'kuchitseka ndi migolo, magalimoto n'kumadutsa kanjira kafumbi ka m'mbali. Dzulo lake, dzuwa litangolowa, galimoto yoyera inagunda migoloyo, inalowa paphula laliwisi, inaomba Wilson, bambo woimitsa magalimoto ndi mbendera yofiira. Inathawa. Wilson anali kuchipatala, osatsegula maso chimugonekereni.

Mboni inati woyendetsayo anavala zoyera. Anthu sanavutike kuganiza. Galimoto yoyera, zovala zoyera: nesi. Pomwe tambala amatsika mumtengo, achitetezo a m'mudzi anali atafika kale pakhomo pa Temwa, mzamba wa kuchipatala cha mishoni. Anapeza galimoto ili phula lokhalokha. Kwa iwo mlandu unathera pomwepo.

Beatrice anakanda dontho limodzi ndi chikhadabo. Gwa. Anakanda lina. Linasendeka ngati nkhanambo ya chilonda chakale.

"Sajeni, mukuifunsira mbeta galimotoyo?"

Anali Insipekitala Makina, mkulu wa papolisipo, munthu wamkulu thupi, wotopa ndi kutentha.

"Phula ili ndi lakale, bwana."

"Phula lilibe tsiku lobadwa."

"Lauma gwa. Pamwamba pake pali fumbi. Pansi pa fumbi pali phula lina."

"Dzuwa la kuno limaumitsa makaka tsiku limodzi. Nanga phula?" A Makina anapukuta m'khosi ndi kampango. "Mverani kugeti uko. Abale a Wilson ali pamenepo chiyambire m'mawa. Ndikamutulutsa mayiyu chimanjamanja, amung'amba. Lero ndi Lachisanu. Galimoto ya kukhoti inyamuka dzuwa likapendeka. Akachoka kumeneko ndi ku rimandi, ndipo mukudziwa nokha kuti kumeneko khomo lolowera ndi lalikulu, lotulukira ndi laling'ono."

"Ndipatseni mpaka nthawi imeneyo."

"Musandibweretsere maganizo, Sajeni. Maganizo ndili nawo anga. Mundibweretsere munthu."

*

M'chitokosi munkanunkha thukuta ndi mankhwala okolopera. Temwa anakhala pakona, mawondo pachifuwa. Temwa ataimirira, Beatrice anaona bulauzi yake. Inali itanyowa mbali zonse ziwiri. Mkaka.

"Mwana ali ndi ndani?"

"Ali ndi aneba." Chichewa chake chinali ndi kayimbidwe ka ku Rumphi. "Akuopa kubwera naye, anthu aja pageti. Sanayambe phala. Botolo amakana."

"Abambo ake?"

"Ali ku Mzuzu, kusukulu."

"Dzulo madzulo munali kuti?"

"Kunyumba. Ndinaweruka masana. Ndinachapa matewera, ndinagona naye."

"Anakuonani ndani?"

Temwa anamwetulira, kumwetulira kosafika m'maso. "Mwanayo. Mukamufunse."

"Nanga phula lija?"

"Njira yanga ya kuntchito ndi yomweyo, mbali ya fumbi ija. Malole awo akamadutsa amatiwaza. Ndinayesa sopo. Ndinayesa madzi otentha. Ndinangolisiya." Anagwira pachifuwa ndi mkono, n'kuluma mlomo. "Amama, akuti ndikhoza kupita naye kundendeko. Khanda, kundende. Apo ayi ndimusiye. Ndikamusiya ayamwa chiyani? Tandisankhirani inu."

Funso lotere siliyankhidwa ndi pakamwa. Beatrice anatuluka, anaimitsa kabaza wa njinga yamoto.

*

Pamalo a ngozi panalibenso choona. Anthu a msewu anali atathirapo kale miyala, chimakina chopsinja chitadutsapo. Ntchito siidikira wapolisi. Panatsala fungo lokha, ndi kutentha kotuluka pansi, ndi phiri la Michesi litaima patali ngati silinaone kanthu.

Mboni ija inali pansi pa mthethe, m'mbali mwa kanjira kafumbi. Mayi Aliness, wogulitsa zitumbuwa ndi thobwa kwa anthu a msewu. Mayi wachikulire, wamaso ofiira ndi utsi, Chichewa chake chokoka Chilomwe.

"Ine mwanaka ndinanena kale zonse kwa achitetezo aja."

"Munenenso kwa ine, mayi."

"Khalani kaye pabenchipa. Nkhani yoimirira imatuluka yopindika." Anathamangitsa ntchentche pabeseni. "Ndimalongedza katundu wanga. Kunja kuli kachisisira. Ndangomva gu, migolo. Kenako gu wina, wofewa. Muluku wanga. Wilson uyo chagada, mbendera ili uko. Munthu woti masana omwewo wamwa thobwa langa, n'kumadandaula kuti shuga ndachepetsa."

"Galimoto inapitirira?"

"Inaima. Anatsika."

Beatrice anadzutsa mutu. Zimenezi palibe anali atamuuza.

"Anatsika?"

"Eya. Sanandifunse, ndiye ndikanayankha chiyani? Anatsika, anayenda paphula pomwepo, mapazi akuchita kuzula ngati akuoka mpunga kudambo. Anafika pa Wilson. Anawerama. Anagwira mutu wake, manja onse awiri. Basi, anabwerera, chitseko phwa, ulendo."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Maso anga ndi awa mukuwaonawa. Utsi unawadya kalekale. Ine ndinaona choyera chofika m'mawondo. Ndinati, wovala zoyera. Mawu akuti nesi si anga, mwanaka. Mawu akachoka pakamwa amaberekera m'njira."

"Bwanji simunawatsutse?"

"Gulu la anthu okwiya, ine ndi beseni la zitumbuwa?"

Beatrice anatukula phazi lake lamanja, analisanjika pabondo, anayang'ana kunsi kwa nsapato. Fumbi lokha. M'mawa anayendetsa galimoto ya Temwa ndi nsapato yomweyi. Anaponda buleki, anapondanso, podutsa pakati pa anthu aja. Munthu amene wayenda paphula laliwisi n'kukwera galimoto amasiya phula pomwe waponda. Nsapatoyi ikanamata. Sinamate.

Mtima wake unapepuka pang'ono. Pang'ono pokha. A Makina anati munthu, osati nsapato.

"Mwaponda chiyani?" anafunsa mayi Aliness.

"Palibe, mayi. Ndiye nkhani yakeyo."

*

Pa Migowi panali pa Migowi. Matumba a nandolo m'makonde, masikelo akulendewera m'mitengo, mavenda akukuwa mitengo yawo. Beatrice anatsika pasiteji n'kuyang'ana magalimoto. Minibasi iyi, madontho. Lole iyo, madontho. Ngakhale njinga za kabaza zinali ndi nthomba yakuda m'madigadi. Dera lonse linali litadwala matenda amodzi.

Anaganiza motere: wogunda Wilson uja anali ndi usiku wonse. Galimoto yake inatuluka paphula laliwisi ili bii. Sakanayenda nayo choncho. Anaitsuka. Ndipo phula silimva sopo, limamva palafini.

Kondakitala wina anamuona n'kuyamba kudziteteza asanafunsidwe. Pachifuwa pa malaya ake panalembedwa dzina ndi ulusi wofiira: Nickson.

"Masiteni, lero sitinapanikize anthu. Onani nokha, akhala ngati m'tchalitchi."

"Sindine wa pamsewu."

"Ndiye takulandirani ndi manja awiri."

"Palafini amagulitsa kuti kuno?"

Nickson anayang'ana anzake. Anaseka onse.

"Palafini? Anapita limodzi ndi koloboyi, masiteni. Kuno ndi tochi ndi sola basi. Mukamupeza mutigawireko, tikaonetse ana."

"Nanga phula ili mumachotsa ndi chiyani?"

"Kuchotsa? Msewu usanathe? Kumeneko n'kukolopa denga likudontha. Ena amati dizilo amachotsa. Koma dizilo woti wagona naye pamzere, ukapakire chitseko? Abwana angakukweze minibasi yopita kwanu."

"Magalimoto ang'onoang'ono oyera alipo a ndani kuno?"

"Ya anesi ija mwagwira kale. Ya abusa ili pamiyala chaka chino chonse, nkhuku zikuikiramo. Ndiye ya a Dyson a chigayo, ku Kaduya. Koma imene ija musaiwerengere."

"Chifukwa?"

"Ilibe ndi dontho lomwe. Yadutsa pompano m'mawa ikuwala ngati mkwati. Ife kudabwa. A Dyson, munthu woti galimoto yake timalembapo mayina ndi chala, gaga ndi fumbi. Lero mbee." Nickson anayamba kuseka yekha. "Ndiye anaima apo kugula mayunitsi. Agalu onse a pabutchala anasiya mafupa, kukainyambita. Zitseko, mabampala, pena paliponse. Adala aja kuwathamangitsa, agalu osamva. Ife tinati a Dyson asambitsa galimoto ndi msuzi."

Anzake anaseka kachiwiri. Beatrice sanaseke.

M'maganizo anali ku Ndirande, ali kamtsikana. Bambo ake ankayendetsa lole. Akabwera kuchokera kumisewu yomwe ankaithira phula, Loweruka m'mawa ankaitana ana onse. Aliyense kansanza kake, pakati kambale ka mafuta ophikira, mayi akudandaula pakhomo kuti ndiwo aphikira chiyani. Upake, udikire, upukute. Ndipo galu wawo, Tilipo, ankatsatira pambuyo, kunyambita chitsulo mpaka lilime kuda.

"A Dysonwo ali ndi chigayo chokha?"

"Ndi choyengera mafuta a mpendadzuwa. Mafuta onse mukuwaona m'mabotolo apawa ndi awo."

"Pantchito amavala chiyani?"

"Jasi loyera, lofika m'mawondo. Timawatcha adokotala a mgaiwa."

Beatrice anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litachoka kale paliwombo.

*

Nyumba ya ku Kaduya inali ya malata, ya njerwa zootcha, sola ili padenga. Kuseri kunali nsungwi. Galimoto inaima pansi pa mango. Yoyeradi, mbee. Galu wofiira anagona pambali pake, khosi litatambasuka, akunyambita kunsi kwa chitseko mwaulesi ngati wakhuta kale.

Beatrice anadutsitsa chala pachitseko. Chinaterera. Ananunkhiza. Mpendadzuwa.

"Odi kuno."

"Fikani, fikani."

Pakhonde panali mayi akusola nandolo m'lichero. Anapereka mpando, anapereka moni wonse mpaka wa kunyumba, anatchula dzina lake: Eveles, mkazi wa a Dyson. Yunifolomu sinamuopse. Maso ake anali pansi, pasimenti.

Beatrice anayang'ananso pomwepo. Nyerere. Osati mzere umodzi ayi. Zinaunjikana m'magulu, gulu apa, gulu apo, pamadontho akuluakulu odera pomwe simenti inamwa chinachake. Madonthowo anayambira pasitepe n'kulowera kukhomo. Lamanzere. Lamanja. Lamanzere.

"Nyererezi zakuvutani, mayi."

"Musanene. Chiyambire m'mawa. Ndasesa, ndathira phulusa, zikungobwerera. Ndi mafuta awa. Timachotsera phula."

"Phula la kandulo."

Mawuwo anachokera pakhomo. Bambo wamtali, wa imvi za m'mbali, gaga ali m'nsidze. Anavala malaya amikono yaifupi ndi patapata. Anatuluka msanga kwambiri, ngati munthu amene amamvetsera kuseri kwa katani.

"Ndine Dyson. Makandulo anadonthera pansi usiku. Amayiwa akunena phula limenelo."

Eveles anayang'ana mwamuna wake. Dzanja lake linabwerera m'lichero.

"Phula ndi phula, eti bambo?" anatero Beatrice. "La njuchi phula, la kandulo phula, la msewu phula. Chichewa chathu n'chosauka."

"Ndi mmene tinachipezera."

"Sola ili padengayo yafa?"

"Batire inatha moto."

"Chabwino. Koma phula la kandulo limachoka ndi mpeni. Silifuna mafuta." Analoza pansi ndi chala. "Ndipo kandulo wanuyu ankayenda. Apa. Apa. Apa. Kandulo wa miyendo iwiri, wovala nsapato zazikulu."

A Dyson anaseka. Kuseka kwake kunauma m'njira.

"Dzulo dzuwa likulowa munali kuti, bambo?"

"Kuchigayo. Funsani aliyense."

"Galimoto inali kuti?"

"Pomwe inali."

"Mwaitsuka bwino."

"Mawa kuli chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga. Kutsuka galimoto ndi mlandu masiku ano?"

"Ndi mafuta ophikira?"

"Mafuta ndi anga. Ndimayenga ndekha. Ndikafuna ndikhoza kusamba."

"Ndione m'kati."

"Ndakiya."

"Makiyi?"

A Dyson anapinda manja pachifuwa. Mawu ake anatsika, anakhala a munthu amene anafikapo m'maofesi.

"Mayi, malamulo ndimawadziwa. Muli ndi chikalata cha khoti? Ngati mulibe, galimoto yanga simuigwira. Pakhomo panga simulowa. Pitani mukatenge, mudzandipeza."

Ananena zoona, ndipo Beatrice anadziwa. Chikalata chinali kutali. Pomwe azikachipeza, Temwa adzakhala atagona ku rimandi, ndipo chilichonse chotsala m'galimotomu chidzakhala chitapsa kudzala. Mthunzi wa mango unali utafika kale pakhonde.

Anatembenuka. Anasiya bamboyo, anayang'ana mayiyo.

"Mayi, anakuuzani kuti chinachitika n'chiyani?"

"Amayi a Rejoice, musayankhe."

Eveles anasola nandolo mmodzi, wina, wina. "Anati anaterereka paphula la akampani. Anati akadziwika awalipiritsa msewu wonse."

"Amayi a Rejoice."

"Pali munthu kuchipatala," anatero Beatrice, mawu ake osakwera. "Wilson, wa mbendera uja. Sanatsegule maso. Ndipo pali mayi m'chitokosi chifukwa cha ngozi imeneyi. Nesi wa ku mishoni. Temwa. Madzulo ano apita kundende. Khanda lake silinayamwe chiyambire m'mawa."

Manja a Eveles anaima.

"Anesi a ku Rumphi aja? Aafupi, a mpata m'mano?"

"Omwewo."

"Ndi amene anachiritsa Rejoice wanga pobereka." Ananena ngati akudziuza yekha. "Mwana anabwera chamiyendo. Anesi aja sanakhale pansi mpaka kunja kunacha. Ine ndili pakhonde la chipatala, kupemphera Chichewa, kupemphera Chilomwe."

Anaika lichero pansi. Anaimirira. Anakutumula chitenje, anachimanganso bwinobwino, mosafulumira.

"Mwati pakhomo pa yani, bambo a Rejoice?"

A Dyson anatsegula pakamwa.

"Malo ano ndi a amayi anga. Agogo anga agona apo, kuseri kwa nsungwizo. Inu munabwera kuno ndi bulangete ndi wailesi."

"Njerwa izi ndinaumbitsa ndine."

"Dothi lake la kuno." Eveles sanakweze mawu. "Mkamwini sabweza mlendo pakhomo. Amabweza ndi eni mudzi. Asajeni, dikirani pomwepo."

Analowa m'nyumba, kudutsa mwamuna wake ngati akudutsa mtondo. Anatuluka ndi beseni. M'besenimo munali jasi loviikidwa m'madzi a sopo. Loyera kumtunda. Kumpendero kwake kunali bii, ndipo madzi sanaphule kanthu. Pamwamba pa jasilo anaikapo kiyi.

"Galimoto ndi yanu, bambo, sindikukana. Koma yaima pamthunzi wa mango anga."

Beatrice anatsegula chitseko cha dalaivala. M'kati munali mwaukhondo ngati m'chipinda cha alendo. Mipando yopukutidwa. Chiwongolero chikuwala. Makapeti atachotsedwa. Kwa kanthawi mtima wake unagwa.

Anagwada pafumbi. Analowetsa mutu kunsi kwa chiwongolero, komwe munthu woimirira saona. Anagwira chopondera buleki.

Chala chinamata.

Anachikoka pang'onopang'ono. Ulusi wakuda unatsatira, unatalika, unaduka. M'mizere ya labala munali phula lofewa, timiyala ta msewu titakanirira momwemo.

Anaimirira, anaonetsa chalacho.

"Munatsuka ponse pomwe maso amafika, bambo. Phazi lilibe maso."

A Dyson anayang'ana chalacho nthawi yaitali. Anakhala pasitepe, pakati pa nyerere, osazimva n'komwe.

"Ali moyo?"

"M'mawa anali moyo."

"Ndinaiwala kuti atseka. Njira ndimadutsa zaka zonsezi." Anagwira mutu, manja onse awiri, monga ananenera mayi Aliness. "Ndinaona magazi. Ndinati wafa."

Beatrice anali ataimba kale foni. Inaitana. Inaitana. Inaduka. Anaimbanso, chala chakuda chikumata pagalasi.

"Sajeni." Kumbuyo kwa mawu a a Makina kunkamveka injini.

"Bwana, munthu uja ndamupeza."

"Mayiyu wakwera kale. Dalaivala akutembenuza."

"Mtsitseni."

Panadutsa kamphindi kotalika ngati msewu wa ku Karonga. Kenako anamva dzanja likumenya bodi ya galimoto, pha pha pha, ndi mawu a a Makina akuitana dalaivala. Injini inazima.

Beatrice anakhala pansi, pamuzu wa mango. Galu uja anabwera, ananunkhiza chala chake, anapotoloka.

*

Pofika madzulo pageti panalibenso munthu. Gulu lonse linasamukira kuseri kwa mpanda, kukasuzumira galimoto ya a Dyson, yomwe tsopano inaima pansi pa m'bawa moyandikana ndi ya Temwa. Imodzi mbee, ina mawangamawanga. Ena mwa omwe anatola miyala m'mawa ankauza anzawo kuti iwo anakayikira kuyambira pachiyambi.

Temwa anakhala pabenchi kuseri kwa ofesi, chitenje paphewa. Aneba anali atabwera naye mwana. Ankayamwa mwaukali, akumeza mophokosera, kadzanja katagwira bulauzi ngati wina amulandanso. Temwa anatsamira khoma, maso otseka. Mapewa ake anali atatsika.

A Makina anatulukira pakona, foni m'manja.

"Kuchipatala aimba. Wilson wadzuka."

Temwa anatsegula maso. "Akulankhula?"

"Akulankhula mopitirira. Wafunsa kuti mbendera yake watenga ndani. Kenako wafunsa ngati phula lija linawonongeka. Panopa akufuna thobwa, akuti la shuga wokwanira." A Makina anapukuta m'khosi. Anayang'ana Beatrice. "Mwagwira ntchito, Sajeni. Mukasambe chalacho, mukundidetsera mafayilo."

Anapita. Beatrice anakhala pabenchi, mbali inayo. Anavula nsapato imodzi. Mapazi ankawawa, kuwawa kokoma.

"Yewo, amama," anatero Temwa. "Yewo chomene."

"Mukathokoze mayi wina ku Kaduya. Akuti mwana wa Rejoice wayamba kukwawa."

Temwa anaganiza pang'ono, kenako nkhope yake inamasuka. "Wa chamiyendo uja."

"Yemweyo."

Onse awiri anamvetsera mwana akumeza. Temwa anayang'ana galimoto yake.

"Ndiye mwati limachoka ndi mafuta ophikira?"

"Limachoka. Mupake pa dontho lililonse, mudikire lifewe, mupukute ndi kansanza kofewa. Osakanda ndi mpeni, osakhula ndi sitiliwulo, mungasende penti. Mukamaliza mutsuke ndi sopo wambiri, apo ayi agalu a pa Migowi akuperekezani mpaka kuntchito. Pasimenti pokha musathire mafuta. Simenti imamwa, ndipo siiwala."

"Ndiyamba mawa. Ndatopa nako kuoneka ngati nkhanga."

Beatrice anavala nsapato yake. Anayang'ana magalimoto awiri aja, yonyezimira ndi yamadontho.

"Ndikanakhala ine, ndikanadikira msewu uthe."

"Chifukwa?"

"Lero lonse, mboni yomwe inakuikirani kumbuyo osasintha mawu ndi phula limeneli."

Temwa anaseka, kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba. Bere linapulumuka m'kamwa mwa mwana. Mwanayo anakwinya nkhope, anadandaula kamodzi, analipeza, anapitiriza.